Sukulu ku Chitipa: Kuchokera kwa Mweniwanda Mpaka ku Cambridge

Akuluakulu a ku Ulambya akamafotokoza chiyambi cha ufumu wawo amaloza kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, kumapiri a Ukinga m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Amati Mwaulambya woyamba adachokera kumeneko, monganso Kyungu wa Angonde a ku Karonga, ndipo atawoloka Songwe adapeza dziko lili ndi eni ake kale, a banja la Sikwese ndi ena, nagwirizana nawo za kayendetsedwe ka dziko ndi nsembe za mvula. Katswiri wa mbiri yakale Owen Kalinga, yemwe adayenda m'midzi imeneyi kumva za m'kamwa mwa akulu, amaika kudza kwa Mwaulambya cha m'ma 1600. Kum'mawa, m'mapiri a Misuku, kudakhazikika Asukwa, ndipo pambuyo pake Andali adawoloka Songwe kudzakhala nawo. Kumadzulo, kwa Kameme ndi m'malire a Zambia, kuli Anyiha, Anamwanga, Amambwe ndi Abemba. Kum'mwera, ku Wenya ndi ku Nthalire, ndi kwa Atumbuka. M'boma limodzi la Chitipa, la makilomita 4,288 m'bwalo lake muli ziyankhulo zambiri kuposa m'boma lina lililonse la Malawi, ndipo mbiri ya sukulu kuno siingamveke munthu ataiwala zimenezi.

Mwana wa masiku amenewo ankaphunzira pomwe makolo ake ankagwira ntchito. Mnyamata ankatsatira bambo wake kukadula nthambi za mitengo, kuziunjika ndi kuzitentha kuti phulusa lake lidyetse mawere. M'mabanja a osula zitsulo, omwe Anyiha ankadziwika nawo, luso la ng'anjo linkachoka kwa kholo kupita kwa mwana, pamodzi ndi zoletsa zake. Ku Misuku mwana ankadziwa kusamala nthochi ndi kulima pamalo otsetsereka nthaka osakokoloka. Mtsikana ankalangizidwa ndi azakhali ndi agogo. Zaka za m'ma 1800 zidabweretsa phunziro lina lowawa, la kuthawa: Angoni adadutsa pa ulendo wawo wa ku Ufipa ndi pobwerera, Abemba ankabwera kudzafunkha kuchokera kumadzulo, ndipo amalonda a minyanga ndi akapolo ankagwiritsa ntchito njira yomweyo. Midzi yambiri ya pachigwa idazingidwa ndi malinga, ena adathawira kumapiri.

Sukulu ya choko ndi sileti idabwera ndi msewu. Mishoni ya Livingstonia, ya mpingo wa ku Scotland, idayamba ku Cape Maclear mu 1875, nisamukira ku Bandawe mu 1881. Chaka chomwecho wamalonda wina wa ku Glasgow, James Stevenson, adapereka mapaundi 4,000 kuti palambulidwe msewu wochokera kumutu kwa nyanja ya Malawi kukafika ku nyanja ya Tanganyika, ndipo chimodzi mwa zomwe adafuna chinali chakuti amishoni atsegule malo awo m'mbali mwa msewuwo. Ndi mmene mu 1882 kwa Mweniwanda, pamalo otchedwa Ncherenje, padamangidwira nyumba ya mishoni, zaka 12 mtsogoleri wa mishoniyo, Dr Robert Laws, asanakwere phiri la Khondowe. Ambiri sadziwa kuti dera la Chitipa lidaona mishoni kale Livingstonia ya paphiri isanakhaleko.

Koma chiyambicho sichidapite patali. Injiniya wa msewuwo, James Stewart, adamwalira mu 1883, ndipo yemwe adalowa m'malo mwake, William McEwan, adamutsatira mu 1885. M'busa Alexander Bain adakhala kwa Mweniwanda zaka zingapo akuphunzitsa ana ochepa m'dera la anthu omwe mtima wawo unali pa kudziteteza, ndipo naye adamwalira mu 1889. Nkhondo ya Mlozi, wamalonda a akapolo, ku Karonga, yomwe idayamba mu 1887 ndi kutha mu 1895, idasokoneza njira yonse ya kunyanja. Amishoni adaona kuti anthu ochuluka ali kuchigwa cha Angonde, choncho adatsikira kumeneko. Mu 1894 adatsegula Mwenzo pakati pa Anamwanga, kutsidya kwa malire a Zambia ya lero, ndipo chaka chomwecho ku Khondowe kudayamba sukulu yaikulu ya mishoniyo, Overtoun Institution. Dera la pakati lidatsala lopanda mzungu wa mishoni wokhazikika. Atsamunda adangomangapo linga la asilikali lomwe adalitcha Fort Hill, dzina lomwe dera lino lidadziwika nalo mpaka nthawi ya ufulu, ndipo lidali mbali chabe ya boma la North Nyasa lomwe likulu lake linali ku Karonga.

Apa ndi pomwe padayambira chinthu chomwe chakhala chikutsatira mwana wa ku Chitipa mpaka lero: wofuna kuphunzira ayenera kuyenda, ndipo ayenera kusintha chiyankhulo. Masukulu a m'midzi ankayendetsedwa ndi aphunzitsi achikuda otumidwa kuchokera ku Karonga, ku Mwenzo kapena ku Khondowe, ndipo aliyense ankabwera ndi mabuku a chiyankhulo cha komwe wachokera: Chingonde, Chinamwanga kapena Chitumbuka. Mwana wa Chilambya kapena Chisukwa ankayamba a, e, i, o, u m'chiyankhulo cha anthu ena. Nyumba ya sukulu inali yomweyo ya mapemphero, ya mitengo ndi dothi, yofolera udzu, ndipo oyamba kumene ankalemba pansi ndi chala asanapatsidwe sileti. Sukulu inkatsegulidwa ntchito ya kumunda ikachepa. A Livingstonia ankalimbikira kuti makolo azilipirako kanthu, ngakhale kochepa, poganiza kuti chaulere sichisamalidwa. Wochita bwino ankapita kusukulu yokulirapo, ndipo wochita bwino koposa ankanyamula mphasa ndi kamba wake kuyenda masiku angapo mpaka ku Khondowe, komwe kunali maphunziro a uphunzitsi, ubusa, ukalaliki, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mauthenga a telegalafu.

Laws ankalakalaka kuti tsiku lina Overtoun idzakhale koleji yofanana ndi za kwawo. Kuti timvetse sukulu yomwe Angelezi a nthawi imeneyo ankaiona ngati yapamwamba, tiyang'ane m'malo osayembekezeka: m'paketi ya ndudu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880 makampani a fodya ku America ndi ku Britain ankaika kakhadi kolimba m'paketi kuti ndudu zisathyoke. Posakhalitsa adayamba kusindikiza zithunzi pamakhadiwo, kumbuyo n'kulembako mawu ofotokoza, ndipo ankawatulutsa m'magulu a 25 kapena 50 kuti wosuta azigulabe mtundu womwewo mpaka gulu likwane. Kampani ya W.D. & H.O. Wills ya ku Bristol ndiyo idatchuka nazo. Mu 1906 idatulutsa makhadi 50 a zizindikiro za masukulu, mu 1922 a zizindikiro za makoleji a ku Oxford ndi ku Cambridge, ndipo mu 1927 makhadi 25 aakulu oonetsa nyumba za masukulu akale a ana a anthu olemera. Awa ndi masukulu onga Winchester ya mu 1382, Eton yomwe adayambitsa mfumu Henry VI mu 1440, Rugby ya mu 1567 ndi Harrow ya mu 1572. Ana a anthu wamba a ku England, omwe sakadalowa n'komwe pazipata za masukulu amenewa, ankapempha makhadiwo kwa osuta, kusinthana ndi kumata m'mabuku. Mwambowu udatha cha mu 1940 pamene nkhondo idachititsa kuti mapepala asowe, ndipo lero makhadiwo ali m'manja mwa osonkhanitsa zinthu zakale.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa Wills inali mbali ya Imperial Tobacco Company, yomwe idapangidwa mu 1901 ndipo mu 1908 idatsegula fakitale yake ku Limbe kuti izigula fodya wa Nyasaland. Fodya ameneyu sankachokera ku Fort Hill. Ankachokera m'minda ya azungu ya kumapiri a Shire, komwe anthu ankagwira thangata, ndipo kuyambira m'ma 1920 kwa alimi a ku Lilongwe ndi ku Dowa. Komabe dziko linali limodzi, msonkho unali umodzi. Pamene kampani yogula fodya wathu inkakongoletsa mapaketi ake ndi nsanja za Eton, boma la atsamunda kuno linkapereka mapaundi 1,000 okha pachaka, kuyambira cha mu 1908, kuti agawane amishoni onse a dziko lino pa ntchito ya masukulu. Dipatimenti ya maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926, bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko lino mu 1924, ndipo malangizo omwe adatsatira adali oti mwana wachikuda aphunzire zaulimi, zaukhondo ndi ntchito zamanja, asakwezedwe kwambiri. Maloto a Laws adafera pamenepo. Iye adachoka mu 1927, chaka chomwe makhadi a masukulu aja adatuluka.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Nkhondo ya 1914 idapeza dera la Fort Hill lili pamalire enieni ndi dziko la Ajeremani. Ku Karonga kudamenyedwa nkhondo mu Seputembala chaka chimenecho, ndipo zaka zotsatira amuna ambiri adagwidwa kukhala amtengatenga, aphunzitsi ena n'kutengedwa kukhala omasulira ndi akapitawo. Masukulu ambiri a m'midzi adaima. Komabe mbewu ya Khondowe inali itamera kale. Mu 1912 ophunzira akale a kumeneko, motsogozedwa ndi Levi Mumba ndi anzake, adayambitsa North Nyasa Native Association ku Karonga, bungwe loyamba la mtundu umenewu m'dziko lino, ndipo kutsidya kwa malire Donald Siwale ndi David Kaunda adachita chimodzimodzi ku Mwenzo. Chimodzi mwa zomwe mabungwewa ankadandaula kawirikawiri chinali chakuti boma limatenga msonkho koma silimanga sukulu.

M'zaka za m'ma 1930 setifiketi ya Sitandade 6 inali ngati khasu: yemwe anali nayo sankagona ndi njala, koma munda wake unali kutali. Ntchito ya ukalaliki kuno kunalibe. Anyamata ankawoloka Songwe kupita ku migodi ya golide ya ku Lupa ku Tanganyika, ena kumigodi ya kopa ku Northern Rhodesia, ena ku Salisbury ndi ku Joni. Pambuyo pake a Wenela ankagwiritsa ntchito bwalo la ndege la ku Fort Hill ponyamula anthu opita kumigodi ya ku South Africa. Ndalama zomwe ankatumiza kumudzi zinkalipirira azing'ono awo fizi, ndipo makalata awo ankafuna munthu wodziwa kuwerenga. Mwa njira imeneyi sukulu idalowa m'mitima ya makolo mwamphamvu kuposa mmene ulaliki wokha ukadachitira. M'ma 1940 Akatolika nawo adafika, nakhazikitsa mishoni ku Kaseye ndi masukulu ake, ndipo mpikisano wa mipingo iwiriyi udawonjezera makalasi. Mu 1947 boma lidavomereza Chitumbuka kukhala chiyankhulo cha masukulu a chigawo cha kumpoto. Kwa mwana wa ku Nthalire chinali chakwawo. Kwa wa ku Misuku chinali chachilendo ndithu, ngakhale adachizolowera kutchalitchi.

Sekondale inali kutali kwambiri. Yoyamba m'dziko lonse idatsegulidwa ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, yachiwiri ku Zomba mu 1942, ya boma ku Dedza mu 1951. Mwana wa ku Fort Hill wosankhidwira kumeneko ankayenda pansi kutsikira ku Karonga, n'kudikira sitima ya panyanja.

Chaka cha 1959 chidaonetsa zomwe anthu oyendayenda ndi owerenga aja adabwera nazo. Flax Musopole, mwana wa dera lino yemwe adakhalapo ku South Africa ndi kuphunzira ndale kumeneko, adatsogolera anthu a ku Misuku ndi ku Ulambya kukana chitaganya ndi malamulo a malimidwe okakamiza. Mu Febuluwale anthu adatseka bwalo la ndege la ku Fort Hill, ndipo boma lidachita kuitanitsa thandizo kuchokera ku Tanganyika kuti lilitengenso. Pa 3 Malichi lidakhazikitsa malamulo a nthawi ya chipwirikiti m'dziko lonse. Musopole adasakidwa miyezi ingapo asanagwidwe.

Miyezi yochepa izi zisanachitike, mu Okutobala 1958, mnyamata wina wa m'mudzi wa Mpale, kum'mwera kwa boma lino, adanyamuka ulendo womwe udaposa maulendo onse a ana asukulu a kuno. Legson Kayira adamaliza maphunziro ake ku Livingstonia koma njira yopitira patsogolo idalibe. Adatenga Baibulo, buku la John Bunyan, bulangeti ndi kankhwangwa, nauyamba wapansi kulowera kumpoto, cholinga chili chokaphunzira ku America. Ankaima m'njira kugwira maganyu kuti apeze chakudya. Ku Kampala adalowa m'nyumba yowerengeramo mabuku ya boma la America, napeza buku la mayina a makoleji, ndipo adalembera Skagit Valley College ya m'dera la Washington. Adamuyankha kuti abwere. Adapitiriza mpaka ku Khartoum, atayenda makilomita opitirira 3,000 m'zaka ziwiri, ndipo anthu a ku Skagit atamva nkhani yake adasonkha ndalama ya ndege. Adafika kumeneko kumapeto kwa 1960. Atachoka ku Skagit adapita ku University of Washington, kenaka ku Cambridge, komwe adaphunzira mbiri yakale ku St Catharine's College, imodzi mwa makoleji aja omwe zizindikiro zawo zinkaikidwa m'mapaketi a ndudu. Chizindikiro cha kolejiyi ndi gudumu lagolide pa nsalu yofiira.

Buku la moyo wake, I Will Try, lidatuluka mu 1965, ndipo adalembanso nthano zazitali monga The Looming Shadow, Jingala ndi The Detainee. Lomalizali, la mu 1974, linkadzudzula ulamuliro wankhanza, ndipo Kayira adakhala moyo wake wonse wotsala ku England mpaka imfa yake mu 2012. Nkhani yake timakonda kuikamba ngati ya kulimba mtima, ndipo ndi yoona. Koma ndi umboninso woipa pa boma lomwe lidalamula dziko lino zaka zoposa 60 osamanga koleji ngakhale imodzi yopereka digiri.

Ufulu utabwera mu 1964, Fort Hill idasanduka Chitipa, boma loima palokha. Yunivesite ya Malawi idalandira ophunzira oyamba mu 1965, ndipo boma la Dr Kamuzu Banda lidayamba kumanga sekondale m'boma lililonse, Chitipa Secondary School kukhala ya kuno. Ena ankasankhidwira ku Chaminade ku Karonga, ku Livingstonia, ku Mzuzu. Koma mu 1968 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chichewa ndi Chingelezi ndizo ziyankhulo za dziko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa m'masukulu ndi pawayilesi. Ife olankhula Chichewa sitikonda kuiganizira nkhaniyi, chifukwa kwa ife lamulolo lidatipeputsira zinthu. Mwana wa ku Ifumbo kapena ku Kameme ankayankhula china pakhomo, kuimba china kutchalitchi, kuphunzira Chichewa chomwe mwina ngakhale mphunzitsi wake ankachidziwira m'buku, kenaka n'kulemba mayeso a Sitandade 8 m'Chingelezi. Kuti ana ambiri a kuno ankakhozabe, ena atabwereza kalasiyo kawiri kapena katatu podikira kusankhidwa, ndi chinthu chofunika kuchilemekeza.

Chithunzi cha sukulu ya Angelezi chija chidadzafika m'Malawi ndi njerwa zenizeni mu 1981, pamene Kamuzu adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu. Atolankhani akunja adaitcha Eton ya mu Africa. Inali ndi nsanja, dziwe, Chilatini ndi Chigiriki, ndipo aphunzitsi ake anali azungu okhaokha. Inkatenga ana ochepa okhoza bwino m'boma lililonse, kotero a ku Chitipa nawo adalowako, ndipo ena adapita patali. Koma ndalama zomwe zinkathera pa ana mazana ochepa amenewa zinali zochuluka zedi poyerekeza ndi zomwe zinkafika kumasukulu a pulayimale, komwe anzawo ankakhala pansi. Zaka zomwezo zidabweretsa mabala awiri kumpoto. Mu 1987 boma lidayamba kusankha ophunzira a kuyunivesite potengera boma lochokera, njira yomwe anthu amangoti kota, ndipo mu 1989 lidalamula kuti aphunzitsi azikaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ponena kuti a kumpoto ankakondera. Mabanja adasamutsidwa mwadzidzidzi. Kota idathetsedwa ndi khoti mu 1993, idabwereranso mu 2009 nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo idachotsedwanso mu 2020.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ya kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ana m'dziko lonse chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi adasefukira, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo adalembedwa aphunzitsi osaphunzira ntchito. Mu 1998 malo ophunzirira a MCDE, a maphunziro a m'makalata, adasandutsidwa masekondale oyendera a m'madera, omwe lero ndiwo amalandira ana ambiri a kuno, ngakhale ambiri mwa iwo alibe labotale kapena malo ogona, moti atsikana ochokera kutali amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira. Ku Kaseye kuli sekondale ya atsikana ya Akatolika. Yunivesite ya Mzuzu idatsegulidwa mu 1999, ndipo mu 2003 Sinodi ya Livingstonia idatsegula yunivesite yake ku Khondowe, patapita zaka 76 Laws atachoka. Fizi ya ana ambiri opita kumeneko imachokera ku khofi wa ku Misuku, chimanga, nyemba, malonda a pamalire, komanso fodya wa bale, yemwe alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndipo amakagulitsa ku okushoni ya ku Mzuzu.

Msewu wa Karonga mpaka Chitipa, wa makilomita 101, womwe boma lililonse linkaulonjeza pa kampeni, udathiridwa phula ndi thandizo la dziko la China ndipo udatha cha mu 2012, patapita zaka pafupifupi 130 chiyambire James Stewart kulambula njira yake. Ulendo womwe unkadya tsiku lathunthu nthawi ya dzinja tsopano ndi wa maola awiri. Koma wochokera ku Nthalire, ku Wenya kapena kumapiri a Misuku akadavutikabe mvula ikagwa, ndipo aphunzitsi otumizidwa kumeneko ambiri amayamba kupempha kusamutsidwa asanamasule n'komwe katundu.

Za chiyankhulo ndiye zidakali pomwe zinali. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku a Chilambya, Chindali, Chisukwa kapena Chinyiha sadafike m'makalasi. Mu 2014 unduna womwewo udalengeza kuti Chingelezi chiziyambira Sitandade 1. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 234,927 m'boma la Chitipa, ndipo gawo lalikulu ndi ana. A unduna, a Sinodi ya Livingstonia, a Dayosizi ya Karonga ndi inu ana a Chitipa omwe muli m'maofesi a ku Lilongwe ndi kunja: khalani pansi ndi aphunzitsi opuma omwe akadali moyo m'midzimu, mulembe mabuku oyamba owerengera m'ziyankhulo za ana amenewa.